Musanamunyoze kondakitala, taonani mmene mwamangira katundu

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Ntaja, ndipo foni ya amayi inkakhala m'manja mwanga chifukwa ndine ndimawayendetsera malonda pa WhatsApp. Amayi amagulitsa mpunga wochokera kumadambo a nyanja ya Chilwa, nandolo, komanso uchi umene amalume amafula. Ntchito yanga ndi kujambula, kuika pa status, kuyankha ogula ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Tsiku lina mayi wina wa ku Lilongwe anaitanitsa makilogalamu 10 a mpunga, mabotolo atatu a uchi ndi zitenje ziwiri. Ndalama anatumiziratu. Ine ndi chimwemwe ndinathira uchi m'mabotolo amene kale munali madzi akumwa, kudzaza mpaka pakamwa kuti asadzati tawabera, kukulunga botolo lililonse mu jumbo yopyapyala, kuwakwirira mumpunga, kuyala zitenje pamwamba, ndi kumanga thumba ndi linya. Wakabaza anakalisiya pasiteji, ine n'kubwerera kukagona mtima uli m'malo.

Madzulo a tsiku lotsatira kunabwera chithunzi. Botolo limodzi linali litatseguka, lina litang'aluka m'mbali. Mpunga unali utagwirana ngati chigumu, zitenje zili noninoni, ndipo nyerere zinali zitayamba kale msonkhano. Mayiwo sanatukwane. Anangolemba kuti akudikira kumva kwa ife. Tinabweza ndalama yonse, ndipo ndalamayo inali mbali ya fizi yanga ya semesita ino.

Mawu anga oyamba anali onyoza kondakitala. Ndinati anthu amenewa sasamala katundu wa eni, amangoponya, amakhazikapo anthu. Amayi anandisiya mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa modekha kuti, "Mwanangu, kodi ndi kondakitala anadzaza botolo mpaka pakamwa?" Funso limeneli ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa ndikudziwa kuti pano pasukulu tilipo ambiri amene tikugulitsa zovala, nsapato, mafuta odzola, chiponde ndi zina pa foni, ndipo ngakhale kumpingo kwathu amayi a Dorika ena ayamba kutumiza katundu kutali. Maganizo anga ndi akuti katundu akaonongeka panjira, nthawi zambiri mlandu umakhala utapalamulidwa kale pakhonde pomwe tinamangira, galimoto isananyamuke n'komwe.

Taganizirani ulendo umene thumba lija linayenda. Kuchoka ku Ntaja linatsika ndi minibasi mpaka pa Liwonde. Aliyense amene anaimapo pa Liwonde mwezi wa Okutobala akudziwa kuti dzuwa la m'mbali mwa Shire silichita nthabwala. Pamenepo analitsitsa, linakhala padzuwa kudikira galimoto ina, linawoloka mlatho, kudutsa pa Balaka, kukalowa mu msewu wa M1 pa Chingeni, kenaka Ntcheu, Dedza mpaka Lilongwe. Linagwiridwa ndi manja a anthu osachepera asanu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti mkati muli uchi, poti ine sindinalembepo kanthu kupatula nambala ya foni. Kumbuyo kwa minibasi thumba la mpunga ndi chinthu chotsamirapo, choikapo batire kapena chigubu cha munthu wina. Kondakitala anaona thumba la mpunga, ndipo analichita zomwe thumba la mpunga limachitidwa.

Uchi nawo uli ndi khalidwe lake. Ukatenthedwa umasungunuka ndi kufufuma pang'ono, ndipo ngati unafulidwa usanakhwime, uli ndi madzi ambiri, umayamba kuwira ndi kutulutsa mpweya. Botolo la madzi akumwa ndi lopyapyala, analipanga kuti ligwire ntchito kamodzi, ndipo chitsekerero chake chikatsegulidwa sichigwiranso ngati poyamba. Ndiye ine ndinatenga chinthu chofufuma, kuchiika m'botolo lofooka popanda mpata, kuchiyendetsa padzuwa, pamwamba n'kusanjikapo katundu. Phunziro la sayansi limeneli ndinalikhoza bwino ku sekondale, koma pakhonde la amayi silinandifike m'mutu.

Chimene ndaphunzira n'chakuti chomangira sasankha poyang'ana chimene chili pafupi. Umayamba wafunsa kuti katunduyu mdani wake ndani. Mdani wa uchi ndi mafuta ophikira ndi kutentha ndi kupsinjika. Mdani wa chitenje ndi diresi ndi madzi, fumbi ndi fungo. Mdani wa mbiya, makapu ndi foni ndi kugwedezeka. Koma matemba ndi usipa wouma mdani wake ndi chinthu chomwe ambiri timachiyesa chitetezo, ndiko kutsekera mu pulasitiki. Nsomba youma imakhalabe ndi kachinyezi, ndipo ukaimanga mu jumbo n'kuiyendetsa padzuwa imachita thukuta, pofika imakhala yafewa, ikununkha, mwina itayamba nkhungu. Amayi ogulitsa nsomba ku Chilwa sanalakwitse pomanyamulira m'madengu ndi m'matumba olowa mpweya. Mtedza ndi chimodzimodzi, ndipo apa nkhani ndi yoopsa kuposa fungo: mtedza wosauma bwino ukatsekeredwa umagwira chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amaononga chiwindi. Wogula sangamuone ndi maso pa chithunzi cha pa status.

Tsono tibwere pa jumbo, poti ndiyo mfumu ya zomangira zathu. Timaikonda chifukwa ndi yotchipa, mwinanso yaulere, ndipo ili paliponse. Koma jumbo yopyapyala siteteza chilichonse paulendo wautali. Ikakhudzana ndi ngodya ya katoni kapena waya wa mpando imang'ambika. Tikaona choncho timaphatikiza zitatu kapena zinayi, ndiye kutchipa kuja kuli pati? Komanso tisaiwale kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 m'chaka cha 2015. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Nkhaniyi yakhala ikubwererabwerera m'makhoti, ndipo bungwe la MEPA, loona zachilengedwe, ndilo lili ndi udindo woonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Ma micron 60 ndi kachigawo kochepa kwambiri ka milimita, koma kusiyana kwake mumakumva ndi zala: jumbo yoletsedwayo ndi ija imaonetsa zamkati ndi kutanuka mukangoikoka.

Ena amati lamulo limeneli ndi la anthu a m'tauni. Ine ndikuti ayende mumsika wa Balaka kapena wa Ulongwe tsiku la msika litatha, aone majumbo ali yakayaka paminga ndi m'ngalande. Afunsenso opha mbuzi zimene amapeza m'mimba mwa ziweto. Mvula ikagwa, zinyalala za pa Liwonde njira yake ndi imodzi, kutsikira mu Shire, mtsinje womwewo umene umatipatsa magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Ife amene timaphunzitsa ana a Pathfinder kuti posamuka pamsasa asasiye chinyalala ngakhale chimodzi, sitingamatumize majumbo asanu ndi paketi iliyonse kenaka n'kumati si nkhani yathu.

Komabe sindili m'gulu la anthu amene amati pulasitiki yense ndi tchimo. Amene amalankhula choncho sanatumizepo diresi yaukwati mwezi wa Januwale pa kabaza. Nyengo ya mvula chovala chimafuna pulasitiki yokhuthala mkati, yomata bwino, kenaka katoni kapena thumba kunja. Pulasitiki yokhuthala wogula amaisunga n'kuigwiritsanso ntchito, pomwe yopyapyala imathera pabwalo tsiku lomwelo. Uchi umafuna botolo lolimba, la pakamwa potakata, lokhala ndi chitsekerero chatsopano. Lagalasi ndi labwino pashelefu koma pa minibasi limalemera ndipo likasweka limavulaza. Ine pano ndimagula mabotolo apulasitiki olimba, ndimasiya mpata wa zala ziwiri pamwamba, ndimazunguliza selotepi pa chitsekerero, ndipo zamadzimadzi siziyendanso m'thumba limodzi ndi zouma ngakhale wogula atadandaula kuti alipira kawiri.

Chomangira chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi katoni, ndipo ambiri sitikudziwa kuigwiritsa ntchito. Mukang'amba katoni muona kuti pakati pali pepala lopindikapindika ngati malata. Mphamvu yonse ili pamenepo, ndipo imagwira bwino pamene mizereyo yaimirira, monga mmene katoniyo anaipangira kuti izikhalira. Mukaigoneka cham'mbali n'kusanjikapo katundu, imaphwanyika msanga. Katoni imene inanyowapo, ngakhale iume, mphamvu yake imakhala itapita. Choncho pogula makatoni akale kwa eni magolosale, musamangotola. Isindikizeni ndi chala, ngati ikubonyoka isiyeni. Inunkhizeninso. Katoni ya sopo ndi yolimba ndithu, koma ikanyamula mpunga kapena ufa wa malambe, wogula adzadya phala lonunkhira sopo. Ya mabisiketi kapena ya mafuta ophikira yosadontha ndi imene imayenera zakudya.

Kukula kwa katoni nakonso n'kofunika. Yaikulu kwambiri imasiya mpata, katundu amavina mkati, ndipo chimene chimaswa makapu si bampu ya msewu koma kugundana kwa makapuwo. Mukamaliza kulongedza, nyamulani katoniyo muigwedeze pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakuyenda, simunamalize. Potseka mipata simufunika kugula pulasitiki ya timabaluni ija imabwera ndi katundu wakunja, imene mtengo wake unakwera pamodzi ndi zonse zoitanitsa kunja kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwathu kuno zotsekera mipata zili mbwee. Ku Machinga zigayo za mpunga zimataya mankhusu milumilu. Akalipentala amasesa zopala za matabwa tsiku ndi tsiku. Makoko a chimanga ouma, masamba a nthochi ouma, zidutswa za nsalu kwa atelala, ngakhale mapepala athu a manotsi a semesita yatha. Mankhusu muwathire m'timatumba ta pepala kuti asamwazike, akhale ngati timapilo. Chachikulu n'chakuti zonsezi zikhale zouma ndi zopanda anankafumbwe.

Ife a maphunziro a uphunzitsi timauzidwa za TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Timapanga mawotchi a makatoni ndi mipira ya masamba a nthochi kuti tikapeze malikisi pa teaching practice, koma tikafika pa bizinesi yathu timaona ngati zakumudzi n'zochititsa manyazi. Agogo anga amamanga chikwatu cha mfutso ndi masamba a msuku, ndipo ndiwozo zimakhala miyezi osaonongeka, chifukwa masambawo amatchinga fumbi ndi dzuwa koma amalola mpweya kudutsa. Dengu la nsungwi kapena kathumba koluka ndi mlaza, kamene anthu a ku Balaka ndi Mangochi amaluka bwino kwambiri, kamateteza katundu ndipo wogula amasangalala nako ngati mphatso. Sindikunena kuti titumize foni m'chikwatu. Ndikunena kuti anthu akale ankayamba aganiza za chinthu chimene akusunga, ndipo ife tasiya.

Pali zomangira zina zimene ndikupempha kuti tizisiyiretu, ngakhale zikhale zaulere. Balaka ndi dera la thonje, ndipo thonje limapoperedwa mankhwala kangapo pachaka. Mabotolo ndi zigubu za mankhwala amenewa zimaoneka zolimba, zotsekeka bwino, ndipo munthu amakopeka kuti atsuke athiremo uchi kapena mafuta. Pulasitiki imamwa mankhwala, kutsuka ndi sopo sikuwachotsa onse. Thumba la feteleza nalonso si loikamo mpunga kapena ufa, ngakhale mulikutumule chotani. Nyuzipepala ndi yabwino kukulungira makapu ndi nsapato, koma isakhudzane ndi chakudya chamafuta monga zitumbuwa kapena nsomba yokazinga, chifukwa inki imasungunuka ndi mafuta n'kulowa m'chakudyacho. Wogula wa pa intaneti sanaone pomwe munalongedzera. Anangokhulupirira chithunzi ndi dzina lanu, mwinanso anakhulupirira chifukwa munakumana ku msonkhano wa misasa. Kumuikira chakudya m'chigubu cha mankhwala chifukwa sakuona, kwa ine sikusiyana ndi kugwiritsa ntchito sikelo yobera.

Palinso matenda ena amene agwira makamaka ife achinyamata, ndiwo kumanga katundu kuti akongole pa chithunzi. Mnzanga wina wa kuhostelo amagulitsa mafuta onunkhira. Amagula timabokosi tonyezimira, maliboni, timapepala tolembapo zikomo, ndipo akajambula anthu amayamikira. Koma timabokosito n'topyapyala ngati chikuto cha kope, ndipo botolo limagubuduka mkati. Kukongoletsa si kulakwa, ine ndemwe ndimasangalala kulandira chinthu chooneka bwino. Koma liboni ibwere pomaliza, katundu atatetezedwa kale. Ndipo kunja kwenikweni kwa paketi kusamaonetse zamkati. Bokosi la foni kapena la nsapato lokhala ndi chithunzi chake likamayenda poyera limaitana manja. Likulungeni ndi pepala lakhaki kapena liikeni m'katoni wamba.

Zolemba pa paketi nazo ndi mbali ya kumanga. Lembani ndi maka yosafufutika dzina la wolandira, komwe akupita ndi nambala ya foni, mbali ziwiri, ndipo pamwamba pa zolembazo matanipo selotepi yoonekera kuti mvula isafufute. Mkati ikaninso kapepala kena ka zomwezo, kuti kunja kukang'ambika katundu asasowe mwini. Ngati muli zosweka lembani m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo jambulani muvi woloza kumwamba. Ndaona anthu akulemba mawu a Chingerezi ang'onoang'ono pakona, kenaka n'kumadabwa kuti wonyamula sanasamale. Muuzeninso ndi pakamwa. Anthu a minibasi ambiri ukawauza mwaulemu kuti "achimwene, umu muli uchi, chonde usagone cham'mbali," amaika pansi pa mpando wakutsogolo. Katundu wodula ndi bwino kumutumiza kudzera ku positi ofesi kapena kumakampani onyamula katundu amene ali ndi chiphaso cha MACRA, chifukwa kumeneko umalandira lisiti. Koma nawonso sangasinthe botolo lofooka kukhala lolimba.

Funso limene limavuta ndi lakuti ndalama ya zomangirazi alipire ndani. Ambiri timaopa kukweza mtengo poti pa Facebook pali wina akugulitsa chomwecho motsika. Ndiye timadula pa katoni ndi selotepi, malo okhawo amene wogula saona. Ine ndikuti werengerani zomangira monga mmene mumawerengera bandulo ya intaneti ndi thiransipoti, muziike mu mtengo, ndipo wogula mumuuze chimene akulipira. Wogula wanzeru akamva kuti uchi wake ubwera m'botolo latsopano, m'katoni yakeyake, sakangana nawe pa ndalama yochepayo. Amene akukana, musiyeni akagule kwina, chifukwa ndi yemweyo adzakuikeni pa gulu la WhatsApp zinthu zikadzatayika. Ndipo katundu akaonongeka chifukwa cha kamangidwe kanu, bwezani ndalama musanafunsidwe kawiri. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, komanso la 2016 lokhudza malonda ndi zochitika za pa intaneti, koma sindikuganiza kuti mwana wa mpingo adikire lamulo kuti abweze ndalama ya mpunga umene wafika uli chigumu. Kunena zoona zinandiwawa kubweza, ndipo masiku awiri ndinkangoyang'ana meseji ya ndalama yotulukayo.

Kanthu kena kakang'ono kamene ife osunga Sabata timakumana nako: musatumize katundu Lachisanu masana. Akachedwa panjira amafika dzuwa litalowa, foni imayamba kulira muli m'mapemphero, kondakitala akufuna wolandira, wolandira akufuna inu. Mukazimitsa foni, katunduyo agona padepoti mpaka Lamulungu, padzuwa kapena pamvula, ndipo ngati ndi nsomba kapena tomato ndiye kwatha. Ine ndinaika lamulo loti katundu amanyamuka kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi m'mawa, ndipo ndinalemba pa status kuti aliyense adziwe. Palibe kasitomala amene anathawa chifukwa cha zimenezi. Mmodzi, bambo wachisilamu wa ku Mangochi, anangoseka n'kunena kuti iyenso Lachisanu masana sayankha foni.

Mayi wa ku Lilongwe uja ndinamulembera patapita milungu itatu, manyazi ali tho, kumufunsa ngati angatipatsenso mwayi. Anavomera botolo limodzi lokha la uchi ndi makilogalamu 5 a mpunga. Mpunga ndinauika m'thumba latsopano, kulisoka ndi singano ya chiguduli m'malo momanga ndi linya. Uchi unalowa m'katoni yaing'ono ya mabisiketi, botolo litaimirira pakati pa timapilo ta mankhusu, selotepi itadutsa pakati ndi m'mbali monse, muvi utajambulidwa mbali zinayi. Ndisanapereke kwa wakabaza ndinaikweza kufika m'chiuno n'kuigwetsa pakhonde, amayi akundiyang'ana ngati ndapenga. Nditatsegula, botolo linali chilili. Ndinamatanso, ndinajambula, ndipo chithunzicho ndinatumiza kwa mayiwo pamodzi ndi nambala ya galimoto. Mwezi uno aitanitsa mabotolo anayi, awiri ndi a mnzawo wa kuntchito.